Chigayo Chimene Ndinkapempherera Kuti Chife

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga, inu a kuchigwa kuno ndi inu a kumtunda amene mawu awa akufikani. Dzina langa ndine Zakeyo Soko. Anzanga akaimirira kuchitira umboni amasimba za matenda aakulu, za ngozi za pamsewu, kapena za ng'ona imene inawagwira n'kuwasiya. Vuto langa mukalimva mwina museka, chifukwa linali la tulo basi. Koma munthu amene sanasowepo tulo miyezi yathunthu sadziwa kuti tulo ndi chakudya. Kusowa tulo kunatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa banja langa lonse.

Ine ndine Mngoni wa kumtunda, kufupi ndi Chipata. Ndinatsikira kuchigwa cha Luangwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nditatopa ndi kulima thonje. Mulungu anandikomera mtima, ndinapeza ntchito ya ulonda pa kampu ina ya alendo odzaona nyama, m'mbali mwa mtsinje cha ku Nkwali. Ulonda wa kumeneko si wolondera akuba ayi. Umayang'anira mvuu ndi njovu zimene zimalowa pakati pa tinyumba ta alendo, umaperekeza alendowo ndi tochi akamachoka kokadya, ndipo kukamacha umawagogodera pakhomo n'kuwasiyira madzi otentha kuti asachedwe galimoto yokaona nyama. Mlonda wa pa kampu chida chake ndi maso. Ndipo pachipata sipankasowa amuna ofuna ntchito, onse a maso abwinobwino.

Nyumba ndinaipeza m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe. Ndinakambirana ndi a Chulu, bambo wachikunda wokonda kuvala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Makoma a nyumbayo anali a njerwa zootcha, koma denga kunalibe, ndalama zinawathera panjira. Tinapangana kuti ine ndigule malata ndi ndalama za thonje langa lomaliza, ndikhome denga, ndipo iwo asakweze lendi kwa zaka zinayi. Ndikatuluka nthawi isanakwane, malata atsala. Tinagwirana chanza pamaso pa mboni, akazi awo ali chapatali akupeta mapira, ndipo ine ndinangowapatsa moni wapatali monga mmene munthu amachitira ndi mkazi wa mwini.

Amene munalipo zaka zimenezo mukukumbukira mmene kwacha inkasungunukira m'manja. Sopo wogula lero, sabata yamawa wasintha mtengo. Anzanga a pa kampu ankasamuka chaka chisanathe chifukwa eni nyumba akweza lendi, koma yanga inangoima pomwepo, mpaka inachepa moti ndinkachita manyazi poipereka. Manyaziwo sanali aakulu kwenikweni, ndisaname. Ndikamabwera kuchokera kuntchito, malata anga akunyezimira patali, ndinkayenda ngati ndine wanzeru kuposa onse m'chigwa muno.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinabwera ndi ng'oma yake. Chaka chachiwiri, chimanga chitangouma, a Mwanza, wamalonda wochokera ku Katete, anamanga chigayo pa malo oyandikana ndi ife. Ukaima pawindo la kuchipinda kwanga ukanatha kuponya chitsononkho n'kugunda khoma lake. Chinali cha injini ya dizilo, ndipo ankachiliza nthawi yomwe ine ndinkafika kunyumba kudzagona, n'kuchizimitsa nthawi yomwe ndinkavala yunifomu. Chikayamba du du du, makapu ankayenda okha pa tebulo, malata anga aja ankavomereza nyimbo, mutu wanga n'kumangoti waa. Pamwamba pa injini panali kuseka kwa amayi a pamzere, kulira kwa ana, ndi a Mwanza eniake, amene makutu awo anali atagontha pang'ono ndi ntchitoyo, moti ngakhale moni ankapereka ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa Luangwa.

Palibe chimene sindinayese. Ndinatseka makutu ndi thonje, phokoso linkalowera m'mafupa. Ndinakayala mphasa pansi pa mtengo kuseri kwa mudzi, ntchentche ndi mbuzi zinandipeza komweko. Kenako ndinapita kwa a Mwanza, ndipo ndinapita nditakwiya kale.

"Mwaswera bwanji, neba!" anakuwa a Mwanza, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze.

"Sindinaswere bwino, a Mwanza. Sindikugona. Simungazimitseko kuyambira naini m'mawa mpaka fotini awazi masana?"

"Ati chiyani?"

Ndinabwereza mokuwa. Iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Neba, naini mpaka fotini ndiye bizinesi imeneyo! Onani amayi awa, ena achokera ku Nsefu pa njinga. Ndiwauze kuti abwerere chifukwa a Soko agona?" Amayi onse a pamzere anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, ufa uli m'tsitsi.

Apa ndi pamene ndinayamba pemphero limene lero ndimaseka ndikalikumbukira. Ndinkagwada n'kunena kuti, Ambuye, iphani injini ija. Sindinkazungulira ayi, ndinkanena mosapita m'mbali. Ndipo tsiku lina inafadi. Mudzi wonse unangoti zii. Ndinagona tulo tofa nato, ndipo Lamlungu lake ndinaimba kutchalitchi kuposa akwaya. Mkazi wanga, amake Dali, sanaimbe nawo, chifukwa anali atabwerera ku mtondo ndipo manja anali atatuluka matuza. Sipanapite nthawi, makanika anabwera kuchokera ku Chipata n'kukonza injiniyo, koma paipi ya utsi imene inkachepetsako phokoso anati yatheratu, anaichotsa. Chigayo chinauka kwa akufa ndi mawu oposa akale.

Kuntchito ndinayamba kuyenda ngati woledzera. Ndinkatafuna tsabola, ndinkasukusula pafupipafupi, ndinkakana kukhala pansi. Koma thupi sulinamiza. M'mawa wina ndinadzidzimuka munthu akundigwedeza phewa, dzuwa litatuluka kale. Anali kapitawo wathu. Ndinali nditakhala pansi, nditatsamira mtengo wa pafupi ndi khitchini, tochi ikuyakabe m'manja. Alendo panalibe amene anawadzutsa, madzi sanatenthedwe, ndipo galimoto inali chiimire kudikira anthu amene anali akadali m'mabulangete. Kapitawo sanakalipe, anangondilozera pansi. Pa mchenga panali mapazi a fisi. Anabwera molunjika mpaka pamene panali nsapato zanga, anazungulira, n'kubwerera kumtsinje. Kachikwama kanga kachikopa koikamo mbatata, kamene kanali pambali panga, kanali katapita.

"A Soko," anatero kapitawo motsitsa mawu, "fisi wakukhululukirani, ndipo inenso ndakupepeserani kwa bwana. Koma mukadzagonanso musadzadikire kuti ndikuuzeni. Mudzangosiya tochi pa ofesi."

Ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba ndikuganiza za mapazi aja. Nditawafotokozera amake Dali, anati, "Atate ake Dali, pakadafunda padajiwitsa galu. Tiyeni tichoke muno." Ine ndinayamba kunena za malata anga, mmene ndinawavutikira, ndi mmene anthu adzandisekere kuti ndathawa nyumba imene aliyense ankaisirira. Iwo anangofunsa ngati ntchito ikatha malatawo tidzawaphike ndi mchere kapena ndi nsinjiro.

Choncho ndinapita kwa a Chulu kukawauza kuti ndikuganiza zotuluka nthawi isanakwane, n'kupempha ngati angandibwezereko kanthu pa denga. Sindinaonepo munthu akuvutika kubisa chimwemwe ngati tsiku limenelo. Anandipepesa kwambiri, anagwedeza mutu, anatukwanako phokoso la a Mwanza, kenako anati pangano ndi pangano, khomo ndi lotsegula koma malata atsala. Ndinadziwa kuti m'mutu mwawo anali atapeza kale wolowa wina wolipira mtengo wa masiku amenewo.

Abale anga, masiku otsatirawo ndinali wowawidwa mtima kwambiri. Ndikakhala m'nyumbamo, ntchito ipita. Ndikachoka, thukuta langa lonse la thonje litsala pa denga la munthu wina, ndipo lendi ya nyumba zina malipiro anga sakanaikwanitsa, makamaka miyezi ya mvula kampu ikatseka. Ndinkapsera mtima ana popanda chifukwa. Ndinkaopa kulowa kwa dzuwa chifukwa cha ntchito, ndinkaopanso kutuluka kwake chifukwa cha chigayo. Ndinafika pomufunsa Mulungu ngati ananditsitsira kuchigwa kuno kuti ndidzachite misala pansi pa malata ogula ndekha.

Lamlungu lina, nthawi ya zopempha itakwana, ndinaimirira n'kufotokoza zonse, ndipo ndinapempha mpingo kuti undithandize kupemphera kuti chigayo chija chitsekedwe. Anthu anati ameni, koma ameni wake wofooka, poti onsewo ankagayitsa komweko. Titatuluka anandiimitsa amake Esinala, mayi wamasiye amene ankagulitsa vitumbuwa ndi mbatata yophika kwa anthu a pamzere wa chigayo. Ndinkawaona pawindo tsiku ndi tsiku, koma tinali tisanachezepo.

"A Soko," anatero, "ndiye ndinu munapha chigayo ulendo uja? Masiku onse aja ana anga ankagonera madzi. Ine m'mawa uliwonse ndimapemphera kuti injini ija ilire, inu mukupemphera kuti ife. Nanga Mulungu amvere ndani?"

Sindinaganizepo kuti pa benchi la kutsogolo kwanga pamakhala munthu amene akukoka chingwe chomwecho mbali inayo. Koma mayiwa sanandiimitse kuti tikangane. Anandiuza kuti nyumba yawo ili kumapeto kwenikweni kwa mudzi, pa njira yopita kumtsinje, ndipo anaimanga malemu amuna awo. Chimwalirire bambowo, iwo ndi ana awo aakazi ankakhala mwamantha, chifukwa mango akayamba kupsa njovu zinkafika mpaka pakhomo. Komanso ulendo wopita ku chigayo unali wautali, vitumbuwa zinkafika zitazizira. "Kwathu kuli zii ngati kumanda," anatero. "Inu njovu mumadziwana nazo kuntchito. Bwanji tisinthane? Ine ndilowe mwanu, inu mulowe mwanga. Lendi imene mumalipira a Chulu muzindipatsa ine, ine ndizikapereka."

Ndinavomera pomwepo. Tsiku lomwelo ndinathamangira kwa a Chulu ndekha, koma anandikanira kwamtuwagalu. Anati iwo anapangana ndi ine osati ndi mayi wamasiye, ndipo ndikangotuluka, lendi yakale yatuluka nane. Ndinabwerera kunyumba ndikuwira. Ndinanena kuti ngati zili choncho, ndikwera pa denga ndizule malata anga onse mvula isanabwere, tione amene alowemo. Ndinafunafuna hamala m'nyumba monse osaipeza. Patapita nthawi ndi pamene ndinadziwa kuti amake Dali anaibisa m'thumba la chimanga.

M'mawa mwake ndinapita pamzere wa chigayo kukawauza amake Esinala kuti zakanika. Anandifunsa kuti ndalankhula ndi ndani. Ndinati ndi eni nyumba, a Chulu. Mayiwa anaseka mpaka anatula beseni pansi.

"Inu Angoni inu! Kuno ndi kwa Akunda, a Soko. A Chulu anangobwera kudzakwatira. Malo aja ndi a akazi awo, anawasiyira amayi awo. Ngakhale pamene pali chigayo apa, a Mwanza anakapempha kwa akazi a Chuluwo. A Chulu amalandira lendi chifukwa ndiwo ali ndi jekete."

Kwathu kwa Angoni mwamuna amalowola ndi ng'ombe, mkazi amabwera kwa iye, nyumba ndi yake ndipo mawu ndi ake. Ine ndinatsika kuchigwa ndi mutu womwewo. Zaka ziwiri zathunthu ndinkadutsa eni malo ali pa mphasa, n'kukagwada kwa mkamwini ali pa mpando. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya lambiri.

Loweruka lake tinapita atatu, ine, amake Dali ndi amake Esinala, titanyamula nkhuku. Tinapeza amayi a Chulu, akazi awo aja, akusenda mtedza pakhonde, ndipo tinakhala pansi pafupi nawo. A Chulu anakoka mpando wawo n'kuyamba kunena kuti nkhaniyi tinamaliza kale. Amayiwo sanadzutse n'komwe mutu. "Atate ake Falesi," anatero, "alendo awa abwera kwa ine." A Chulu anabweza mpando wawo m'mbuyo, ndipo ine ndinafotokoza zonse, kuyambira pa injini mpaka pa mapazi a fisi.

Nditamaliza, amayi a Chulu anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "A Soko, mwakhala zaka ziwiri pa malo a amayi anga, lero ndi pamene mwadziwa khomo langa?" Ndinapepesa ndikuwomba m'manja, ndipo kupepesako kunachokera pansi pa mtima. Iwo anapitiriza kusenda mtedza, kenako anati, "Chigayo ndinavomereza ndine, ndipo sindinaganize za munthu wogona masana. Mlandu umenewo ndi wanga. Denga munakhoma bwino, mvula sinalowepo. Zaka zimene zatsalazo akhalemo mayi uyu pa lendi yomweyo, zikatha tidzakhala pansi." A Chulu anakonza kolala ya jekete lawo n'kunena kuti ndi zomwe iwonso ankaganiza.

Ndinatuluka pakhomo paja misozi ili m'maso, ndipo sindinachite nayo manyazi. Tinasamuka sabata yomweyo, katundu pa njinga ndi pamutu, mabanja awiri akudutsana panjira, ana akusekererana. Sindibisa, nditaona nyumba ya amake Esinala mtima unagwa pang'ono. Inali ya dothi, yofolera ndi udzu, chitseko chake chopendekera. Ndinati m'mtima, Zakeyo, wachoka m'malata wabwerera mu udzu. Koma unali mwezi wa Okutobala, ndipo inu a kuchigwa mukudziwa kuti masana a mwezi umenewo pansi pa malata munthu amapsa ali moyo. Nditalowa mu udzu muja ndinapeza kamphepo kozizira kamene ndinali nditakaiwala. Ndinagona pa mphasa osavula ndi nsapato zomwe. Amake Dali amasimba kuti analowa kawiri kudzaika dzanja pa mphuno yanga kuti aone ngati ndikupuma.

Njovu zinabweradi mango atapsa. Ndinaphunzitsa ana zimene ndinkauza alendo ku kampu, kuti ukaziona usakuwe, usathamange, ungolowa m'nyumba n'kukhala chete. Tsiku lina ndinadzuka chakumadzulo n'kupeza nthambi zothyoka ndi ndowe zotentha pafupi ndi windo langa. Banja lonse la njovu linadya mango pamenepo masana onse, mkazi wanga ndi ana ali phee pakona, ine ndikuliza mkonono. Zinyama zazikulu choncho zimayenda ngati zavala masokosi. Anansi amenewo ndinakhala nawo bwino, kupatula kuti mango sitinkawalawa.

Uko ku chigayo amake Esinala anayamba kukazingira vitumbuwa pakhomo penipeni, anthu n'kumagula zikutentha. Anawonjezera tiyi, kenako tinsomba touma. Tikakumana kutchalitchi ankandifunsa ngati ndagona bwino, ine n'kuwafunsa ngati injini yalira bwino, tonse n'kuyankha kuti Mulungu ndi wabwino.

Mitambo itayamba kusonkhana, nthawi yotseka kampu inafika. Nthawi imeneyo antchito ambiri amabwerera kwawo opanda malipiro mpaka mvula itatha, ndipo amene sanagwire bwino saitanidwanso. Amatsala ochepa okha osunga malo madzi akamasefukira. Kapitawo ananditumizira uthenga kuti ndipite ku ofesi. Ndinanyamula tochi yanga poganiza kuti mwina za fisi zija sizinaiwalike, ndipo panjira ndinkapemphera kuti ngati ndi choncho, Ambuye andipatse mtima wolandira. Nditalowa, kapitawo anandiyang'ana m'maso bwinobwino. "A Soko, masiku ano maso anu ayera. Bwana akuti mutsale musunge kampu nthawi ya mvula." Anandipatsa makiyi a stolo, ndipo anandifunsa kuti tochiyo ndaitengeranji masana.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkapempha. Akanapheratu injini ija, ana amasiye akanagona ndi njala, ndipo ine ndikanapitiriza kupsa pansi pa malata ndikudziyesa wanzeru. Ndikuthokoza amake Esinala amene anandiimitsa pakhomo pa tchalitchi m'malo mongondinyinyirika kumbali, ndi amayi a Chulu amene anavomera mlandu umene palibe akanawakakamiza kuuvomera. Ndikuthokozanso mkazi wanga chifukwa cha hamala ija.

Mbale wanga, mlongo wanga, ngati uli pakati pa zinthu ziwiri ndipo kulikonse ukuona kutaya, usaleke kupemphera, ngakhale pemphero lako litakhala lopotoka ngati langa. Ulinene mokweza pakati pa abale, chifukwa mwina amene ali ndi theka lina la yankho wakhala pa benchi la kutsogolo kwako. Ndipo ukakhala mlendo pamalo, funsa eni dera kuti khomo logogoda ndi liti. Malata aja ndinawasiya, ndipo sindinawalirepo. Pa kampu paja ndinagwira ntchito mpaka mawondo anakana okha, ndipo sikunachenso mlendo n'kudzuka ine ndisanamugogodere. Ambuye alemekezeke.